Takwanitsa Zaka 50, Dzuwa Likadali Pamwamba

Amayi anzanga, mukadzakumana pa msonkhano wa bungwe mwezi uno, kaya ndi ku Nsipe, ku Nzama, ku Tsangano kapena pa Boma pomwe, mudzawerenge chamumtima amayi amene imvi zayamba kusuzumira kunsi kwa duku. Mudzapeza kuti ndi ambiri ndithu. Enanu mumazizula, enanu mumazidetsa ndi mankhwala ogula pa msika, ndipo sindikukudzudzulani. Kungoti ife azamba tikaona mayi wa zaka 50 akutsika minibasi ndi dengu la tomato pamutu, timaona chinthu chimene mwini wakeyo sachiona. Timaona munthu amene anawoloka mitsinje yambiri yodzaza, imene inakokolola anzake ochuluka.

Tiyeni titenge mayi wobadwa mu 1972 kuno ku Ntcheu. Anali ndi zaka 14 pamene anthu othawa nkhondo ku Mozambique anayamba kukhamukira kuno mu 1986, n'kudzadza midzi ya m'malire. Chilala cha 1992 chinamupeza ali ndi mwana kumsana. Njala ya 2002, ija ya gaga ndi zitsa za nthochi, inamupeza ali ndi ana anayi kapena asanu oti adye. Ndipo pakati pa zonsezi panali Edzi. Munthu woyamba kupezeka ndi matendawa m'Malawi anapezeka mu 1985, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 sabata sinkatha mudzi wopanda maliro. Inu a bungwe simufunika kuuzidwa zimenezi. Ndinu amene munkasambitsa odwala m'makomo, munkaphika pa siwa, munkaimba usiku wonse mpaka mawu kusasa, m'mawa n'kumva kuti kutsidya kwagwanso zovuta. Ambiri mwa amene tinkawaika m'manda anali amsinkhu wathu, atsikana amene tinalowa nawo kalasi ya ukonfirimasiyo.

Mankhwala otalikitsa moyo, ma ARV, anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Pali amayi pakati panu amene anayamba kumwa mankhwalawa m'zaka zoyambirirazo ali ofooka, ochita kunyamulidwa pa njinga. Lero ali ndi zidzukulu, akulima kachewere, ena ndi atsogoleri a mphakati. Mu 2011 Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo, popanda kudikira kuti chitetezo chake chitsike. Njira imeneyi, imene azaumoyo amaitcha Option B+, mayiko ena anadzatengera kwa ife. Zidzukulu zambiri zimene mukuzibereka kumsana lero zinabadwa zopanda kachilombo chifukwa cha chiganizo chimenecho.

Mtsinje wina unali uchembere weniweniwo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa m'chaka cha 2000 anapeza kuti pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Kunena mwachidule, pa ana pafupifupi 90 aliwonse, mayi mmodzi sankabwerera kumudzi. Tsono kumbukirani kuti masiku amenewo mayi ankabereka ana asanu ndi mmodzi kapena kuposerapo, ndiye kuti mayi wathu wa 1972 uja analowa m'madzi amenewa kambirimbiri. Pofika kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 439. Ana omwalira asanakwanitse zaka zisanu anali 234 mwa 1,000 aliwonse mu 1992. Pofika 2016 anali 63. Ndikamaphunzitsa atsikana ndi anyamata a unamwino ndi uzamba ndimawalembera manambalawa pa bolodi, ndipo amawakopera bwinobwino m'makope kuti akakhoze mayeso. Kwa iwo ndi masamu. Ife amene tinagwira ntchito m'chipinda chochiliramo m'zaka zimenezo timakumbukira nkhope, ndi zitenje zimene abale ankabwera kudzatenga.

Choncho ndikamva mayi akudandaula kuti, "Ine ndiye ndatha, ndakalamba," ndimamvetsa, chifukwa maondo anga nawonso amalankhula ndikamadzuka pa mkeka. Koma ndimafunanso kumuuza kuti: mayi, kukalamba kumene mukudandaulaku anzathu ambiri anakufunitsitsa, sanakuone.

Pali nambala ina imene imasokoneza anthu. Mumamva pa wailesi kuti Mmalawi amayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zakutizakuti. Cha m'ma 2000 zinali pafupifupi zaka 45, pano zadutsa 60. Mayi wa zaka 55 akamva zimenezi amayamba kuwerenga zala, n'kumati kwatsala pang'ono. Si mmene nambalayi imagwirira ntchito. Imawerengedwa kuyambira pa khanda lobadwa lero, ndipo imatsitsidwa kwambiri ndi imfa za ana aang'ono ndi za achinyamata. Inu zoopsa zimenezo munazidutsa kale. Mayi amene wafika zaka 50 ali ndi thanzi, kawirikawiri amakhala ndi zaka zina 20 kapena kuposerapo patsogolo pake. Zaka 20 ndi nthawi yokwanira kulera mwana kuchokera kuchikuta mpaka kumukwatitsa. Amayi athu sankakonzekera zaka zimenezi chifukwa sankazidalira. Ife tiyenera kuzikonzekera, ndipo kukonzekerako kumayambira pa thupi.

Tiyambe ndi nkhani imene timainong'ona, ya kusiya kusamba. Amayi ambiri amasiya pakati pa zaka 45 ndi 55. Chimachitika n'chakuti mabasiketi a mazira amachepetsa pang'onopang'ono timadzi ta m'thupi totchedwa estrogen, ndipo msambo umayamba kudumphadumpha: mwezi uno wabwera, miyezi iwiri zii, kenaka wabweranso. Timati mayi wasiya kusamba pakatha miyezi 12 yathunthu osaona kanthu. Isanathe miyezi imeneyo pathupi pakhoza kuima, ndipo azamba tonse tinalandirako mayi wa zaka 46 wobwera ndi manyazi kusikelo limodzi ndi mpongozi wake. Pa nthawi yosinthayi thupi limatentha mwadzidzidzi, kuyambira pachifuwa kukwera kumaso, ngakhale mu Juni kuzizira kwa ku Tsangano kuli pachimake. Usiku thukuta limanyowetsa zofunda, tulo timasowa, mtima umapsa msanga, nthawi zina umaiwala chimene walowera m'nyumba. Si malungo, si kulodzedwa, ndiponso si misala. Kwa ambiri zimachepa pakapita zaka zingapo. Valani zovala zopepuka zosanjikiza kuti muzitha kuvulako china, ikani madzi akumwa pafupi ndi pogona, ndipo chepetsani tiyi wamphamvu madzulo. Zikafika pokulepheretsani kugwira ntchito, bwerani tidzakambirane.

Pali chikhulupiriro chimodzi chimene ndikufuna tichisiye. Ena amati mayi akasiya kusamba asamakhalenso malo amodzi ndi bambo, ati chifukwa zoipa zilibenso potulukira ndipo mimba idzatupa. Si zoona. Msambo sunali kutsuka chilichonse chochokera kwa bambo. Unali chabe kachikuta ka m'chiberekero kamene kamayoyoka mwezi ndi mwezi pathupi pakapanda kuima. Mabanja ambiri abwino azizira chifukwa cha mawu amenewa, mayi n'kusamukira kogona zidzukulu pamene iye ndi mwamuna wake akanali kufunana. Chimene chimachitikadi n'chakuti njira ya amayi imauma, ndipo kukhala pamodzi kukhoza kumapweteka. Zimenezo zili ndi thandizo losavuta, ndipo namwino sangakusekeni mukafunsa. Koma mimba ikamatupa pa msinkhu umenewu, chifukwa chake n'china, ndipo chifunika kuchifufuza kuchipatala msanga.

Ndipo tisaiwale kunena zabwino zake, chifukwa zilipo. Patatha zaka zoposa 30 za kuwerenga masiku, kuchapa nsalu mobisa, kuopa kuima pagulu utavala zoyera, mayi amamasuka. Magazi amene ankatayika mwezi ndi mwezi amasungika, ndipo ambiri amene ankakhala ndi chizungulire cha kuchepa magazi amapezako bwino. Mantha a pathupi posayembekezera amatha. Palinso kumasuka kwina kumene sikulembedwa m'mabuku athu a zachipatala, koma ndimakuona. Mayi wa zaka 50 amayankhula pa bwalo la mfumu osanjenjemera. Amadziwa amene ali bwenzi ndi amene ali mnzake wa pa mpondamatiki. Akafuna kukana amakana, osayamba wapepesa katatu. Amene amati tsabola wakale sawawa sanakhalepo pa msonkhano wa komiti ya parishi.

Tsopano mvetserani bwino apa, ndipo mukauzeko amene sanawerenge. Mukasiya kusamba kwa chaka chathunthu, kenaka n'kuonanso magazi, ngakhale kadontho kamodzi pa kabudula wamkati, umenewo si msambo wobwerera ndipo si utsikana wachiwiri. Pitani kuchipatala sabata yomweyo. N'chimodzimodzi mukamaona magazi mukatha kukhala ndi bambo, kapena chikazi chonunkha chosatha. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chaching'ono, koma nthawi zina ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansayi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti imayenda pang'onopang'ono, zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo ikapezeka isanakhwime imachizika. Kuyeza kwa viniga kuja kumatenga mphindi zochepa, ndipo tizilonda toyamba tikapezeka timatha kuwotchedwa tsiku lomwelo. Kuyezaku kumalimbikitsidwa kwa amayi a zaka 25 mpaka 49. Ngati muli ndi zaka 47 ndipo simunayezetsepo, musadikirenso. Ngati mwapitirira 50, khomo limakhala litasintha ndipo viniga saonetsa bwino, komabe pitani. Namwino adzakuonani n'kukuuzani njira yoyenera inu. Amayi amene ali ndi kachilombo ka HIV ali pa chiopsezo chachikulu kuposa anzawo, choncho azifunsa za kuyezaku pomwe amalandirira mankhwala. Ndipo popeza ambirife ndife agogo, tionetsetse kuti zidzukulu zathu zachitsikana zalandira katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Katemerayu satseketsa kubereka. Amatseka njira ya kachilombo kamene kamayambitsa khansayi.

Mdani wina ndi wosalankhula. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, BP, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Anthu amaganiza kuti BP ndi matenda a mabwana onenepa a m'tauni, kapena kuti imabwera munthu akakhumudwa n'kuchoka akasangalala. Ayi. Ndayezapo amayi owonda, olima dimba tsiku ndi tsiku, manambala ali kumwamba, iwo akuti sakumva kalikonse. Mayi akasiya kusamba chiopsezo chimakwera, chifukwa estrogen uja ankathandizanso kuteteza mitsempha ya magazi. Pamene BP idzadziwike yokha, imadziwika ndi sitiroko: pakamwa papotoka, mkono ndi mwendo zafa, mayi amene ankadyetsa anthu khumi akuchita kumwetsedwa phala. Nambala ikamafika 140 pamwamba kapena 90 pansi mobwerezabwereza, m'pofunika chithandizo. Mukapatsidwa mapiritsi, ndi a tsiku lililonse, osati a tsiku limene mutu ukuwawa, ndipo mukayamba kupeza bwino ndiye kuti akugwira ntchito, osati mwachira. Mabotolo a mankhwala azitsamba ogulitsidwa m'mabasi, amene amati amachiza BP, shuga, nyamakazi ndi mavuto a m'banja nthawi imodzi, asakusiyitseni mapiritsi anu.

Mchere ndiwo tiyenera kulimbana nawo m'khitchini. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa mu ndiwo zonse. Ife timathira pophika, timathiranso pa mbale, n'kuwonjezera timabuloko tokometsera ndiwo timene pakokha ndi mchere wokhawokha. Chepetsani pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakatha masabata ochepa, ngakhale bambo ayamba adandaula. Kunotu tili ndi mwayi umene anzathu a m'tauni amachita kuugula modula pa Lizulu: kabichi, nyemba, tomato, karoti, mapichesi. Mafupa a mayi amayamba kufewa akasiya kusamba, ndipo chakudya chake si chachilendo: usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga yake, bonongwe, chisoso, nkhwani zotendera, soya, mkaka ukapezeka. Kungoti soda wothira m'masamba amawononga zina mwa zofunika m'thupi, choncho asakhale wa tsiku ndi tsiku.

Za maso ndinene mwachidule. Ngati ulusi wayamba kukana kulowa pa singano, kapena mukuchita kutalikitsa foni kuti muwerenge uthenga, si khungu likubwera. Zimachitikira pafupifupi aliyense akadutsa zaka 40, ndipo magalasi owerengera amathetsa vutoli tsiku lomwelo. Pali amayi amene anasiya kusoka, ena anatula pansi ulembi wa bungwe, chifukwa cha chinthu chochepa chotere. N'chimodzimodzi mkodzo wothawa mukatsokomola kapena kuseka. Amayi obereka kambiri zimawachitikira, amangovala nsalu n'kukhala chete, ena mpaka kuleka kupita ku Misa. Pali masewero olimbitsa minofu ya kumusi amene mzamba aliyense angakuphunzitseni pa mphindi zisanu.

Sindikufuna kukunamizani kuti msinkhu uno ndi wa mpumulo. Ambirinu mwalera ana anu, mwalera ana amasiye a achemwali anu, ndipo tsopano mukulera zidzukulu zimene makolo awo ali ku Lilongwe kapena ku Joni, ndalama zikubwera mwa apo ndi apo. Kumbali inayi kuli amayi anu okalamba ofuna kuwatungira madzi. Feteleza wakwera, mvula yasintha. Kuthokoza sikutanthauza kunyamula zonsezi mwakachetechete mpaka msana kuthyoka. Mwana amene wasiya ana ake kwa inu auzidwe momveka kuti sopo, fizi ndi chimanga zimafuna ndalama zingati pamwezi. Kunena zimenezi si kupanda chikondi. Ndipo pa ndalama za ku banki m'khonde, pakhale kagawo kamene ndi kanu, ka thiransipoti yopitira kuchipatala ndi ka magalasi aja, kosabwerekedwa ndi aliyense.

Pa zaka 20 zimene ndanena zija, ganizirani zimene mungayambe. Mtengo wa mango kapena wa mapeyala wolumikiza umayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Mukabzala chaka chino mudzadya nokha, n'kugulitsako. Amene sukulu inawadutsa, sukulu za kwacha sizifunsa zaka. Amene muli ndi munda, nyumba kapena ziweto, kambiranani ndi bambo ndi ana mukadali ndi mphamvu, ndipo lembani. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu, koma pepala lolembedwa bwino limaletsa mkangano usanayambe. Kulemba wilo sikuitana imfa, monga mmene kupita kusikelo sikuitana matenda. Ndiponso atsikana a m'parishi akusowa alangizi odziwa zoona za thupi. Mayi amene wabereka, walera, waika maliro, ndipo wamvetsa zimene zalembedwa pamwambazi, ndiye woyenera kukhala pansi ndi mtsikana wotha msinkhu kapena woyembekezera koyamba.

Pali chinthu chimodzi chimene chimachititsa amayi kuopa ukalamba kuposa matenda, ndipo tisachizembe. Ndi kutchedwa mfiti. Mu Januwale 2016 ku Neno, boma loyandikana nafe, okalamba anayi anaphedwa tsiku limodzi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Nkhani zotere zikumvekabe m'maboma osiyanasiyana, ndipo kawirikawiri wozunzidwayo ndi gogo wamkazi, wamasiye, wosauka, ndipo omuzunza ndi abale ake. Pakamwa timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma mwana akadwala mwadzidzidzi maso onse amaloza kukhumbi la gogo. Monga namwino ndikuuzeni kuti gogo amene wapezeka usiku pakhomo pa eni, atavula, osadziwa kwawo, akuyankhula zosamveka, sanagwe pa ndege ya ufiti. Ali ndi matenda a ubongo oiwalitsa amene amagwira okalamba ena, ndipo akufunika chofunda ndi munthu womuperekeza kunyumba. Mukamufunsa ngati ndi mfiti akhoza kuvomera, chifukwa sakumvetsa n'komwe funsolo. Lamulo la dziko lino limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Koma apolisi amafika zinthu zitachitika kale. Amene amamva manong'onong'o oyamba pa mjigo ndi pa chigayo ndi ife. Mayi wa zaka 50 ali ndi mawu olemera mokwanira kuzimitsa nkhani yotere isanayake, ndipo zidzukulu zimene zikuona mmene tikuchitira ndi agogo a zaka 75 ndi zomwezo zimene zidzatisunge ife.

Kuyambira mu 2021, Papa Francis anakhazikitsa tsiku la agogo ndi okalamba, limene limakumbukiridwa Lamulungu lachinayi la Julaye, pafupi ndi chaka cha Yoakimu ndi Anna Oyera, agogo ake a Yesu. M'maparishi ambiri tsikuli limatha ndi mphatso za sopo, shuga ndi zitenje, ndipo n'zabwino. Pempho langa kwa atsogoleri a bungwe n'lakuti chaka chino muwonjezerepo tebulo limodzi panja pa tchalitchi. Pemphani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu abwere ndi makina oyezera BP, ndipo pa mzerepo pasaime okalamba okha. Aliyense amene wadutsa zaka 40 aimepo, kuyambira wapampando. Mayi akhale pansi mphindi zisanu asanayezedwe, asayezedwe akungochokera kovina. Manambala alembedwe m'buku lake la kuchipatala, choncho lengezani sabata yapambuyo kuti aliyense adzabwere nalo. Amene apezeke ndi nambala yokwera apite kuchipatala sabata yomweyo kukayezedwanso, ndipo mlembi asunge mayina awo kuti pa msonkhano wa Ogasiti adzawafunse mmodzimmodzi ngati anapitadi.